Ex akamasuzumirabe ma status anu: kuunika zotchingira za WhatsApp, Facebook, Instagram ndi TikTok

Chibwenzi chatha, makiyi mwabwezerana, abale ndi anzanu adziwa, koma dzina lake silikuchoka pamndandanda wa anthu oona status yanu. Mukaposita 6 koloko m'mawa, pasanathe mphindi zisanu waona kale. Salankhula, sakomenta, amangoona basi. Mapulogalamu anayi amene ambirife tili nawo m'foni ali ndi mabatani otchingira munthu wotere, onse aulere, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri. Za WhatsApp n'zosavuta ndipo zimagwira, kupatula m'magulu. Instagram ndiyo ili ndi block yolimba kuposa anzake. Facebook ili ndi zida zabwino zimene inakazibisa kutali, pomwe TikTok ili ndi batani limodzi lowonjezera vuto m'malo molichepetsa.

Musanayambe kutseka mawindo, onani kaye ngati munthuyo sali kale m'nyumba. Ex amene akudziwa zimene munalemberana ndi mchemwali wanu usiku sanazione pa status ayi, ali mkati mwa akaunti yanu. Pa WhatsApp ya Android dinani timadontho titatu tapamwamba kumanja, musankhe Linked devices. Pa iPhone zili mu Settings. WhatsApp imalola zipangizo zina zinayi kulumikizidwa ku akaunti imodzi, ndipo kuyambira 2023 foni ina nayo imaloledwa, osati kompyuta yokha. Kulumikizako kumangofuna kuti munthu agwire foni yanu yosakiya kwa kamphindi, inu muli kubafa, n'kusikana QR code. Chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa pamndandandapo chidineni, musankhe Log out. Kenako pitani ku Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ya manambala 6. Isakhale tsiku lanu lobadwa kapena la mwana, chifukwa zimenezo iye amazidziwa pamtima, ndipo imelo imene muikepo ikhale imene pasiwedi yake sanaionepo.

Pali zinthu ziwiri zimene kwathu kuno zimagwetsa anthu ambiri. Choyamba ndi simu. Kuyambira 2018 simu iliyonse ku Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo ambiri anangopatsidwa simu ndi chibwenzi, yolembetsedwa m'dzina la wogulayo. Mwini dzinalo akhoza kukanena kuti simu yatayika n'kupatsidwa ina ya nambala yomweyo, ndiye kuti code yolowera WhatsApp ipita kwa iye. PIN ija imuchedwetsa kwa masiku 7, koma siithetsa vutolo. Apa palibe njira yachidule: gulani simu ya m'dzina lanu, musamutse akaunti ndi Change number, yomwe ili mu Settings, Account. Musankhe kudziwitsa anthu amene mwawasankha nokha, podziwa kuti magulu onse amene mulimo adziwitsidwa za nambala yatsopanoyo mufune musafune. Chachiwiri ndi Gmail. Ngati iye ndiye anakuikirani foni ili yatsopano, mwina pasiwedi akuidziwa, mwinanso akauntiyo ndi yake kumene. Wodziwa pasiwedi ya Gmail atha kuona zithunzi zanu zimene zikupita ku Google Photos komanso kumene foni ili. Sinthani pasiwedi, muone gawo la Security, Your devices, ndipo mu Google Maps muone Location sharing. Facebook ndi Instagram nazo zili ndi Where you're logged in pansi pa Password and security.

Tsopano ku status, komwe kuli nkhondo yeniyeni.

WhatsApp ili ndi lamulo limodzi lothandiza kwambiri limene ambiri salidziwa: status yanu imaoneka kwa munthu pokhapokha inu mwasunga nambala yake ndipo iye wasunga yanu. Kufufuta nambala yake m'foni kumamuchotsa pakati pa oona status popanda kumubuloka. Vuto ndi loti nambala imodzi imatha kukhala malo atatu, pa simu, m'foni ndi pa Gmail, nthawi zina ndi mayina osiyana, kwina “Bae” kwina “Bambo a Junior”. Mukafufuta malo amodzi, inayo imamusungabe. N'chifukwa chake njira yodalirika ndi Settings, Privacy, Status, My contacts except, n'kuchonga dzina lake. Iye salandira uthenga uliwonse womuuza, amangoona ngati mwasiya kuposita. Kumbukirani kuti kusinthaku kumagwira pa ma status amene muposite kuyambira pamenepo. Amene ali kale pamwamba apitiriza kuoneka kwa iye mpaka maola 24 atakwana, choncho afufuteni.

Kuchonga kumeneku muyenera kukubwereza pa Last seen and online, pa Profile photo ndi pa About, chifukwa chilichonse chili ndi mndandanda wakewake. Apa WhatsApp inatilemetsa ntchito, bwenzi pali batani limodzi lobisa zonse kwa munthu mmodzi. Ambiri amabisa status n'kuiwala online, ndiye ex amakhala akuyang'ana mawu oti “online” 1 koloko usiku n'kumadzipangira nkhani yakuti mukucheza ndi ndani. Kubisa online kunabwera mu 2022: pansi pa Who can see when I'm online musankhe Same as last seen. Mtengo wake ndi woti amene mwamubisira, inunso simuona last seen yake. Kwa munthu amene chibwenzi changotha kumene, mtengo umenewu ndi phindu.

Nanga ngati mwamuchotsa koma akudziwabe zonse zimene mwaposita? Ndiye kuti pali kazitape: msuweni wake, mnzanu wa nonse awiri, kapena nambala ina imene munaisunga osadziwa kuti ndi yake. WhatsApp sikuuzani munthu akajambula screenshot ya status yanu. Mankhwala ake ndi Only share with, pomwe mumasankha anthu oti aone m'malo mosankha oti asaone. Yambani ndi anthu 10 kapena 15 amene mumawakhulupirira, muziwonjezera pang'onopang'ono. Kwa ochita bizinesi ya pa status, ogulitsa kaunjika, makeke kapena mawigi, izi n'zopweteka chifukwa oona ambiri ndiwo makasitomala. Iwowa kuli bwino asiyanitse: katundu pa nambala ya WhatsApp Business, moyo wawo pa nambala ina yokhala ndi oona ochepa.

Batani limene timaliona lothandiza kwambiri pa zonse silitchinga ex n'komwe, limatchinga inuyo. Ndi Read receipts, mu Privacy momwemo. Mukalizimitsa, mndandanda wa oona status yanu umasowa, simuonanso kuti ndani waona. Zimamveka ngati kutaya chida, koma taganizani zimene mndandandawo umachita. Mumaposita, pakapita kanthawi mumatsegula kuti muone ngati waona. Akaona mtima umagunda, akapanda kuona mumadabwa kuti ali kuti. Posakhalitsa nyimbo, vesi ndi chithunzi chilichonse chimene mukuposita mukumulembera iye, ndipo chibwenzi chimene chinatha chikupitirira pa status. Chonsecho dzina pamndandanda silinena zambiri. Ma status amadziyendera okha, wa munthu uyu ukatha wa winayo umatseguka, ndipo amene wangodutsa ndi chala mwachangu amalembedwa kuti waona chimodzimodzi ndi amene wakhala akuuyang'anitsitsa. Mwina akukusowani, mwina akufuna kuona ngati mwapeza wina, mwina wangoboweka mu minibasi. Mndandanda susiyanitsa. Komanso iye akazimitsa Read receipts kwake, amaona status yanu osaonekera, choncho kusowa kwa dzina lake si umboni wakuti wasiya. Choipa cha batanili n'choti silisankha munthu: ma tick a buluu amasowa pa macheza anu onse, kwanu ndi kwa anzanu, kupatula m'magulu momwe amagwirabe.

Za GB WhatsApp ndi anzake tinene mwachindunji. Mapulogalamuwa si a kampani ya WhatsApp. Amalola munthu kuona status osaonekera ndiponso kusunga status imene mwini wake wafufuta, ndiye ex amene ali nayo amaona zambiri kuposa zimene mndandanda ukukuuzani. Koma status imene simunamutumizire sangaione, chifukwa imapita ku mafoni a anthu okhawo amene ali pamndandanda wanu. My contacts except imagwirabe ngakhale pa GB. Inuyo musaiike pofuna kumuzonda. Akaunti imatha kutsekedwa, ndipo macheza anu onse mukhala mwawapereka m'manja mwa anthu osadziwika amene anaipanga.

Block ya WhatsApp imachita zimene imalonjeza. Wobulokedwa saona last seen, online, status kapena chithunzi chanu chatsopano, mauthenga ake amangokhala pa tick imodzi, akaimba sizilowa. Sauzidwa, ngakhale wochenjera amazindikira pasanathe tsiku. Mauthenga amene watumiza ali wobulokedwa safika ngakhale mutadzamumasula. Pofooka pake ndi m'magulu. Ngati nonse muli m'gulu la kwaya, la banki m'khonde, la anzanu a kusekondale kapena la komiti ya ukwati, amaona zonse zimene mwalemba mmenemo, inunso mumaona zake. Kutuluka m'gulu masiku ano kumadziwitsa ma admin okha, ngakhale dzina lanu limakhalabe pa Past members kwa masiku 60. Mukatuluka, pitani ku Privacy, Groups, mumuchotse pa anthu amene angakulowetseni m'gulu, apo ayi, ngati simunamubuloke, apanga gulu la anthu awiri n'kukuponyanimo. Block sitchinganso SMS, kuimba wamba, Please call me, kapena K500 ya pa Airtel Money kapena Mpamba yotumizidwa kuti dzina lake lingotulukira pa foni yanu. Kuimba ndi SMS mumatchingira mu pulogalamu yoimbira ya foniyo, osati mu WhatsApp.

Pamene pali ana, block nthawi zambiri siyenda, chifukwa nkhani ya fizi ndi ya kuchipatala iyenera kudutsa. Apa phatikizani zitatu: My contacts except pa zonse zinayi zija, Mute pa macheza ake, ndi Archive. Macheza oikidwa mu Archive amakhala komweko ngakhale uthenga watsopano ubwere, bola Keep chats archived ikhale yoyatsa, ndiye mumawatsegula pa nthawi imene mwasankha nokha, mwina kamodzi madzulo. Ma status ake nawo abiseni podina dzina lake kwa kanthawi n'kusankha Mute kapena Hide, malinga ndi WhatsApp imene muli nayo.

Pa Facebook tiyambe ndi bodza lofala. Facebook sionetsa amene walowa pa profile yanu, ndipo palibe pulogalamu ina imene ingathe kutero. Ma link onse olonjeza kuti “onani amene amakusuzumirani” ndi misampha yobera pasiwedi. People You May Know nayo si mndandanda wa okuzondani, imadalira kwambiri anzanu ofanana, magulu ndi manambala a m'foni. Chokhacho chimene chimaonetsa mayina ndi story, ndipo story ikakhala ya Public, ena amene si anzanu amangowerengedwa ngati “others” popanda mayina, zomwe zimangokusiyani mukulota kuti ndi iyeyo.

Mu 2015 Facebook inabweretsa Take a Break, chida chopangidwira anthu osiyana kumene. Malo amodzi mumachepetsa zimene mumaona za iye, kuchepetsa zimene iye amaona za inu, n'kusintha oona zithunzi zakale zimene muli limodzi, zonsezi osamuchotsa pa anzanu komanso iye osadziwitsidwa. Ganizo labwino zedi. Cholakwika n'choti anachikwirira: mumachipeza pa profile yake mukadina Friends, ndipo pa Facebook Lite imene ambiri timagwiritsa ntchito populumutsa bandulo, mabatani sakhala pamalo ofanana ndi pa Facebook yaikulu. Mukachisowa, lembani Take a Break posakira mu Settings kapena lowani kudzera pa browser. Mkati mwake chimamuika pa Restricted list, kutanthauza kuti amaona zokhazo zimene mwaposita ngati Public ndi zimene mwamutaga. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Ngati chizolowezi chanu ndi kuposita pa Public, kachizindikiro ka dziko kaja, Restricted siikuthandizani kanthu, ngakhale unfriend siikuthandizani. Sinthani Who can see your future posts ikhale Friends, kenako dinani Limit past posts kuti zakale zonse zimene zinali Public zibwerere kwa anzanu okha. Dziwani kuti batani limeneli lilibe lobwezera kamodzi, mukadzafuna kutsegulanso muzidzachita positi imodziimodzi. Chithunzi cha profile ndi cha cover chimene chilipo panopa chimaoneka kwa aliyense, choncho musaikepo chimene chikuonetsa nyumba yatsopano kapena geti la kuntchito. Lock profile imatseka zambiri mwakamodzi koma sipezeka m'mayiko onse.

Block ya Facebook ili ndi kamsampha kamene kamagwira anthu usiku. Mukamumasula kuti mungoona pang'ono zimene akuchita, simungamubulokenso mpaka patadutsa maola 48, ndipo masiku awiri amenewo iye akhoza kukuonani ndi kukulemberani. Block ya Messenger yokha nayo ndi yosiyana ndi ya Facebook yonse, onetsetsani kuti mwasankha iti. Chinanso, akaunti yatsopano yokhala ndi chithunzi cha maluwa ndi anzake 7 imene yakupemphani ubwenzi sabata yomwe mwamubuloka, musaivomere. Who can send you friend requests ikhale Friends of friends, mndandanda wa anzanu ukhale Only me, ndipo tsekani zoti anthu azikupezani ndi nambala ya foni. Mu Memories muli Hide people ndi Hide dates, zothandiza kuti Facebook isadzakudzutseni ndi chithunzi cha ku Salima cha chaka chatha.

Instagram inaliganizira bwino vuto la akaunti zatsopanoli. Kuyambira 2021, mukabuloka munthu imatha kubulokanso akaunti zina zimene angatsegule. Siigwira zonse, wotsegula ndi foni ina, nambala ina ndi imelo ina atha kudutsa, koma imachepetsa ntchito yothamangitsana ndi akaunti imodziimodzi. Kwa amene safuna phokoso la block, njira ndi iyi: akaunti ikhale Private kaye, kenako mumuchotse pa Followers ndi Remove. Sauzidwa, ndipo kuti aonenso zanu ayenera kupempha. Kuchotsa follower akaunti ili Public n'kutaya nthawi, chifukwa angoona osatsatira, komanso masamba a pa intaneti oonera story mobisa amagwira pa akaunti za Public zokha. Close Friends, ya mu 2018, ndi mnzake wa Only share with. Restrict, ya mu 2019, ambiri amaimva molakwika. Imabisa makomenti ake kwa ena, imaponya mauthenga ake ku requests ndipo saona ngati mwawerenga, koma zithunzi ndi ma story anu amaonabe onse. Ndi ya ex wolongolola, osati wosuzumira. Ndipo dzina lake likakhala pamwamba pa oona story, musatengepo tanthauzo, mndandandawo amausanja ndi makina a Instagram, si muyezo wa chikondi.

TikTok ili ndi Profile view history, imene imaonetsa amene alowa pa profile yanu m'masiku 30 apitawa, pokhapokha nonse awiri mwaiyatsa. Ex wochenjera amangoizimitsa n'kumaona mwakachetechete, pomwe inu mukalowa pa yake muli woyatsa, dzina lanu limaonekera kwa iye. Izimitseni. Akaunti ikhale Private, ndipo mu Suggest your account to others muzimitse Contacts, apo ayi TikTok izimupatsa akaunti yanu chifukwa chakuti nambala yanu ili m'foni mwake.

Zonsezi n'za ex amene amangoona. Kuona status imene mwamulola kuona si mlandu. Zimasintha akayamba kutsegula akaunti zabodza motsatizana, kutumiza mauthenga oopseza, kutulukira pamalo pamene mwangoposita kumene, kulowa mu akaunti yanu, kapena kunena kuti amwaza zithunzi zanu zachinsinsi. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti komanso kulowa mu kompyuta kapena akaunti ya wina popanda chilolezo, ndipo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti munthu asakuyandikireni. Zikafika apa ndondomeko imatembenuka: umboni kaye, block pambuyo. Musadine Report kapena Delete musanasunge. Jambulani ma screenshot oonetsa nambala yake yeniyeni, osati dzina limene munamusungira, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Pa WhatsApp tsegulani macheza ake, timadontho titatu, More, Export chat, mutumize ku imelo imene iye saidziwa. Pa akaunti zabodza koperani link ya profile, chifukwa dzina ndi chithunzi amasintha mumphindi imodzi. Muziposita malo mutachokapo kale, ndipo muone Live location mu Privacy ngati palibe imene ikadali yoyatsa. Pa zithunzi zachinsinsi, StopNCII.org, imene inayamba mu 2021 ndipo ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, imapanga chizindikiro cha chithunzicho popanda chithunzicho kuchoka m'foni mwanu, kuti Facebook, Instagram ndi TikTok azichitchinga wina akafuna kuchiposita. Mauthenga a pa WhatsApp siiwafikira.

Popita ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, tengani foniyo, ma screenshot osindikiza papepala ngati mungathe, pepala lolembapo masiku ndi zimene zinachitika tsiku lililonse motsatana, ndi munthu mmodzi amene anaonako mauthengawo.